Ziwalo za Sajeni

Lolemba
Loweruka mwana wanga Tadala akwatiwa. Ndalumbira pamaso pa anthu kuti apita kutchalitchi pa galimoto ya bambo ake, osati pa chigalimoto cha alamu anga a Chimphepo. Chawocho anachigula kumishoni, ndiye ndimachitcha Sisitere. Yanga ndi Sajeni, galimoto yakale ya asilikali, yokoka ndi matayala onse anayi. Zitunda za kwathu kuno inkakwera ikuimba mluzu. Yakhala patsinde pa mango zaka zinayi, koma ndi kupuma chabe.

Ndavundukula tenti. Zosowa:
boneti
mipando iwiri
batire
sipuling'i yakumbuyo
rimu imodzi, chitsulo chija timavekapo tayala

Injini ilipo, ngakhale nkhuku ikufungatira mazira pambali pake. Zazing'ono izi!

Lachiwiri
Boneti ndaipeza. Ndi denga la khola la nkhumba za amake Tadala. Akuti, "Chotsani, koma nkhumbazo muzigona nazo inuyo." Ndaisiya kaye. Msilikali amamenya nkhondo ngakhale alibe chipewa.

Mipando ili pakhonde pa apongozi. Akuti ndinakapereka ndekha chaka china, pofuna kuoneka mkamwini wabwino. Ndawapeza atakhalapo, akusenda mtedza. Ndapereka moni, ndafunsa za mwendo wawo, ndatsanzika.

Lachitatu
Batire ili ndi a kwaya, imaimbitsa sipika. Akuti abweza ukwati ukatha. Ukwati wake womwewu!

Ndatsetsereka mpaka ku Chezi kwa a Kamwendo osula zitsulo, amene ndinawasungitsa sipuling'i kuti aiwongole. Anaiwongoladi: zikwanje zinayi ndi nkhwangwa imodzi. "Chitsulo cha asilikali chimenechi, bambo, sichibuntha!" Ndayenda monyada mpaka theka la njira, kenako ndakumbukira chimene ndinapitira.

Lachinayi
Alamu abwera ndi Sisitere, ndipo dala sanazimitse injini. Ndawayalira mfundo. Yawo imachita dzimbiri, yanga ayi. Yawo inkanyamula ansembe ndi mabuku a nyimbo, yanga amuna a mfuti. Yanga ili ndi kagiya ka m'matope koti nkukwera nako pachulu. Amvetsera zonse, kenako akuti, "Koma alamu, ikuyenda?" Funso lamwano!

Atachoka, Tadala wandipeza ndili chagada pansi pa Sajeni. "Ababa, musadzivutitse, ngakhale pa ngolo ndipita." Mawu amenewa andilasa kuposa a alamu. Mwanayu anaphunzira kuwerenga atakhala pa boneti ija.

Lachisanu
Rimu! Ndaisaka mudzi wonse, chonsecho ndimaimva Lamulungu lililonse. Yapachikidwa pamtengo kutchalitchi, ndiyo belu lathu. Akatekisiti akuti, "Ndi yanu, tengani. Koma mawa anthu mukawaitane nokha, khomo ndi khomo."

Ndakwera pabenchi. Ndagwira waya. Ndaganiza za ukwati wa mwana wanga wopanda belu. Ndatsika.

Ndakagogoda kwa alamu. Ndawapempha kuti mawa anyamule Tadala pa Sisitere. Iwo aseka mpaka mano akumapeto kuoneka. Akuti maliboni okongoletsera galimoto anagula kale Lolemba.

Loweruka
Tadala wakwera Sisitere. Ndapempha Mulungu kuti izime pachitunda, kamodzi kokha, pang'ono chabe. Sinazime. Za kumishoni zili ndi abale kumwamba.

Koma tikufika, ngwee! ngwee! Rimu yanga. Kwaya yayamba, batire yanga. Akwati akhala pa mipando iwiri yobiriwira imene apongozi abwereketsa. Nyama ya paphwando ndi nkhumba yokulira pansi pa boneti yanga, yoduladula ndi chikwanje cha sipuling'i yanga. Tadala wasisita mpando, wandiyang'ana, waseka. Ndalira ine. Ndanamizira fumbi.

Lamulungu
Mazira aswa, anapiye ali piyepiye mu injini. Ndabwezera tenti bwinobwino kuti mphamba asawaone. Masipanala ndaika m'thumba, thumba pansi pa bedi.

Alamu akuuza aliyense kuti galimoto yawo ndiyo inafika kutchalitchi. Alekeni. Sajeni anafikako zaka zinayi zapitazo, ndipo sanajombepo. Uyo wayamba kulira pamtengo paja. Ndivale jekete, asandiitane kawiri.