Timavu tomwe ndinakweza minibasi

Ndinamuchititsa manyazi mwana wanga Tadala pamaso pa aphunzitsi ake, ndipo ndinachita zimenezo ndikumwetulira, nditavala chitenje chatsopano. Anandikhululukira, koma zinatenga nthawi.

Tadala amaphunzira zaulimi ku koleji (Mulungu ndi wabwino, ine mayi wake sukulu ndinalekezera ku pulayimale). Chaka chomaliza anapatsidwa ntchito yofufuza timavu. Musaganize za mavu aja omanga zisa pakhonde ayi. Iti ndi tating'ono ngati nyerere, sitiluma munthu. Timaikira mazira m'thupi mwa kapuchi, mbozi ija yoboola phesi la chimanga, tiana n'kumaidya m'kati mpaka kufa. Tikatuluka timaluka tizikwa toyera ngati thonje m'phesi momwemo. Tsiku limene anandionetsa ndinangoti, "Ambuye, ngakhale kapuchi munamukonzera mdani wake!"

Anandiuzanso kuti timavuti tili mafuko awiri apachibale, ofanana ngati mapasa. Kusiyana kwake amakuonera pa makina a ku koleji, ati mpaka kuyang'ana timiyendo. Ntchito yake inali kudziwa kuti fuko liti limakhala dera liti. M'minda ya kwathu ku Mitundu, kuphatikizapo wanga, ankangopeza fuko limodzi. M'minda ya ku Nathenje ankapeza linalo. Ine ndinamva zonsezi, koma chomwe chinakhala m'mutu n'chakuti timavu timapha kapuchi, basi.

Chimanga chitafika m'chiuno ndinapita ku Nathenje kukaona mng'ono wanga, yemwe anali atangolandira mdzukulu. Mukudziwa kuti kwa m'bale wako suchokako chimanjamanja. Amakupatsa mbewu ya nyemba, kaya ya mbatata, kuti nawe ukabzale. Tikuyenda m'munda mwake ndinaona kuti chimanga chake n'chosabooka kwenikweni, pamene changa kapuchi anali atachiyamba kale. Ndinang'amba phesi limodzi lofota, n'kupeza tizikwa tili mbuu.

"Achemwali, mukufunamo chiyani m'mapesi mwangamo?" anafunsa.

"Asilikali," ndinatero. "Ako akuoneka olimbikira kuposa anga. Undigawireko."

"Anthu amapempha nyemba, inu mukupempha tizilombo! Tengani, koma akakufunsani musakanene kuti ndinu m'bale wanga."

Tinasankha mapesi okhala ndi tizikwa, ndinamanga kamtolo. Kondakitala wa minibasi atandiona anati, "Amayi, nkhuni zatha kodi ku Mitundu?" Ndinangomuseka, kamtolo kali pamiyendo ngati khanda. Nditafika kwathu ndinakaika mapesi aja pakati pa mizere, n'kupemphera kuti alendowo azolowere malo. Tadala sindinamuuze. Ndinkafuna adzadabwe yekha akadzaona chimanga chitachira. (Kudabwa anadabwadi.)

Patapita masabata angapo anabwera ndi timabotolo take, natola tizikwa m'munda mwanga monga mwa nthawi zonse, n'kubwerera. Kenaka foni inalira.

"Amayi, ndapeza chinthu chachikulu! Fuko la ku Nathenje lapezeka m'munda mwanu, koyamba ku Mitundu konse. Ndalemba kale, ndipo aphunzitsi akuti abwera adzaone okha."

Ndinavina ndekha pabwalo. Mumtima ndinati, alendo anga akhazikika, ndipo mwana wanga watchuka nawo. Ndinaganiza zodzaulula aphunzitsi ali pomwepo kuti chimwemwe chidzakule. Ndinasesa, ndinafulula thobwa, ndinatulutsa chitenje chija.

Aphunzitsiwo anali bambo aulemu, a imvi pang'ono. Anamwa thobwa, tinalowa m'munda. Anayang'ana kum'mawa, nayang'ana kumadzulo, manja ali kumbuyo.

"Funso n'lakuti timavuti tinafika bwanji kuno," anatero kwa Tadala. "Kuuluka sitiuluka mtunda wautali. Mwina ndi mphepo. Kapena nyengo ikusintha, fuko lija layamba kufalikira. Zikakhala choncho, iyi ndi nkhani yaikulu."

Tadala ankangogwedeza mutu, nkhope ikuwala. Ine ndinaona kuti anthu ophunzira akuvutika ndi funso lomwe yankho lake ndili nalo. Ndinanjuta pang'ono.

"Pepani bambo, si mphepo ayi. Tinakwera minibasi."

Anatembenuka onse awiri.

"Ndinatitenga ndine kwa mng'ono wanga. Mapesi ake ndi awo, sanaole n'komwe."

Aphunzitsi anayang'ana mapesi, anayang'ana ine, kenaka anayamba kuseka mpaka anakhala pansi pa mzere, thalauza lonse dothi. Nanenso ndinaseka nawo, osadziwa chomwe tikuseka. Nditacheuka ndinaona Tadala misozi ili lengelenge.

"Amayi, ine ndikufufuza komwe timavuti timakhala mwachilengedwe. Inu mwatisamutsa! Zonse ndalembazi zagwa."

Apo m'pamene mutu unatseguka.

Aphunzitsi atapukuta maso anati munda wanga ndi minda yoyandikana nawo ichotsedwe pa kafukufuku, Tadala akapeze minda ina yakutali, chimanga chisanaume. Akachedwa, ndiye kudikira dzinja lina, anzake atamaliza.

Sindinadikire kuti andipemphe. M'mawa mwake ndinanyamula timabotolo m'dengu, n'kumutsogolera kutsidya kwa dambo, kwa amayi anzanga a kumpingo. Ine ndinkapempha chilolezo, iye n'kumang'amba mapesi. Paliponse ankayamba ndi funso limodzi, "Kodi amayi angawa anakupatsanipo phesi lililonse?" Masiku oyamba sankandilankhula kwenikweni. Tsiku lina tikupuma pansi pa mango anangophulika kuseka, "Koma amayi, minibasi!" Ndinadziwa kuti Mulungu wamva. Minda inakwana chimanga chisanaume, ndipo konseko munali fuko lathu lokha.

Ndaphunzira kuti si chabwino chilichonse chomwe umagawana ngati nyemba, ndiponso kuti za mwana wophunzira uzifunsa usanathandize. Koma chidwi sichinathe. Ndinamufunsa ngati mafuko awiriwa akukwatirana m'munda mwangamu, iye anati sizitheka. Ine ndimang'ambabe phesi n'kumatiyang'ana, ngakhale maso anga sangasiyanitse. Dzana Naphiri woyandikana nane, atamva mbiri ya alendo anga, anabwera kudzapempha mapesi awiri okha. Ndinamukaniza ndithu. Ndamuuza kuti adikire Tadala alandire kaye satifiketi.