Makutu a Chimbalangondo cha Tadala

Lolemba

Mwana wanga Fesitoni waimba foni. Akuti Lamulungu likubwerali abweretsa Tadala kuti adzakhale kuno sabata yathunthu. Kugona kumene! Mdzukulu wanga chibadwire sanagonepo m'nyumba muno. Fesitoni ali pachikamwini ku Milonde, ndiye mwana ndi wa kuchikazi. Ine mayi wa mwamuna amangondipatsa kuti ndinyamuleko pang'ono, ndisanamve n'komwe kulemera kwake abwera kale kudzamutenga.

Nkhani ina: asewele anga, amayi a mkazi wa Fesitoni, amugulira mwanayo chidole pa kaunjika ku Nkando. Akuti tedi. Fesitoni wanditumizira chithunzi. Diso limodzi, ubweya wothothoka, mimba yophwa. Ndani akudziwa kuti ndi mwana wa dziko liti anachiyetsemulira? Ndipo akuti Tadala sagona popanda chimenecho. Zochititsa manyazi.

Ndisoka changa. Manja awa asokera mayunifomu ana a layini yonse pa esiteti ya tiyi pano, alephere kanyama kopanda zipi?

Zofunika:
– jekete ya bulauni ya bambowa (savala, ndipo sindiwauza)
– mabatani awiri akuda, AWIRI
– zigamba zoika m'mimba
– ulusi

Pofika madzulo thupi latha, mutu watha, miyendo yakwana. Kwatsala makutu basi. Kantchito ka mawa m'mawa, tiyi asanazizire.

Lachiwiri

Makutu ndasoka. Lina lili pamwamba pa mutu, lina latsetserekera kutsaya. Lafikako bwanji sindikudziwa, poti ndimasoka ndikuyang'ana.

Ndamasula. Ndasokanso. Tsopano lakumanzere ndiye lakwera, lakumanja lapendekeka ngati likumvetsera za kwa aneba.

Bambowa pobwera kumunda wa tiyi: "Mbuziyi yagundidwa ndi galimoto?" Munthu woti singano sanaigwirepo chibadwire! Ukapitawo wawo ukathere kumunda komweko. Ndawauza kuti si mbuzi, ndi chimbalangondo. Iwo: "Munachionera kuti chimbalangondo inuyo?"

Funso lachibwana, koma landikhala pamtima. Zoonadi, dzinali timangolimva powerenga mawu kutchalitchi. M'phiri la Mulanje muli anyani, chimbalangondo mulibe. Pachithunzi cha Fesitoni pamwamba pa mutu wa tedi uja pabisika kukhwapa kwa mwana. Ndiye makutu ake amakhala pati?

Nzeru za anthu osafunsidwa:
– bambowa: ngati a galu
– mayi a Joyisi, a khomo loyandikana nafe: "Ikani ngati a mbira, palibe azindikire."
– mayi wogulitsa matemba: ndisaike n'komwe, mwana sadziwa

Mayi a Joyisi amenewa mpendero wa siketi yawo amamata ndi sopo, lero akundiphunzitsa ine.

Ndayeza ndi ulusi. Ndayeza ndi kamtengo ka machesi. Miyezo ikuti zili bwino. Maso akuti bodza.

Lachitatu

Chiperoni chatsika, phiri silikuoneka, zovala sizikuuma. Ndakwera minibasi kupita ku Nkando. Osati kukagula ayi. Kukaona.

Pa mulu wa zidole ndapeza matedi ambirimbiri, onunkha mankhwala a m'belo. Ndatenga mmodzi, ndikuyeza ndi chala kuchokera pamphuno kukafika pakhutu, uku ndi uku. Wogulitsa: "Amayi, mukugula kapena mukupima malungo?" Mwano wa ana a masiku ano. Ndamuyankha kuti katundu wake ngakhale waulere sindingamulowetse m'nyumba.

Koma ndaona. Makutu ndi ozungulira, amakhala m'mbali mwa msoko wa pamutu, ndipo mkati mwake amaikamo kansalu ka mtundu wina, kofewa. Ndaonanso kuti ambiri mwa matedi amenewa makutu awo ndi okhotanso. A kunja komwe! Kungoti kwathu kuno chinthu chikachokera m'belo timachiombera m'manja.

Telala wa pakhonde la golosale wati ndiyambe ndabaya makutuwo ndi mapini, ndiime patali, ndione, kenako ndisoke. Telala wake amene anasokera bambowa buluku la mwendo umodzi wautali. Mapiniwo ndagula, koma osati chifukwa chakuti wanena iye.

Kunyumba, makutu akale atha ntchito, kumasula kwachuluka, angotsala ulusi wokhawokha. Ndadula ena pa mkono wa jekete. Kansalu kofewa ka mkati ndakapeza: kadiresi kapinki ka Tadala, kamene anaiwala kuno pa Khirisimasi atabwera masana okha. Kanamuchepera kale. Akadzaona maluwa a diresi lake m'makutu mwa chidole adzasekerera. Asewele nzeru ngati imeneyi angaitenge kuti?

Lachinayi

M'nyumba za kampanizi windo ndi dzina chabe, masana kuli ngati madzulo. Ndatulutsa chidole panja, ndachikhazika pa kakhoma ka pakhonde, makutu obayidwa mapini mbali zonse.

Ndabwerera m'mbuyo mpaka pa chingwe choyanikira. Ndatsinzina diso limodzi. Lakumanja latsika. Ndapita, ndazula, ndabayanso. Ndabwerera. Ndagwada kuti ndione kuchokera pansi, mmene mwana angaonere. Lakumanzere latsika!

Zula, baya. Zula, baya. Mpaka ndayamba kuchikalipira: "Khala bwino iwe! Tadala akubwera Lamulungu, ndikufuna ukamugwire asadzafunenso za ku Milonde."

Potembenuka, mayi a Joyisi ali chiimire ndi ndowa pamutu, madzi akuwatayikira pamsana. "Kansalu kali m'makutuko, si ka mdzukulu wanu kaja?" Ndati eya, muli ndi maso. Alowa m'nyumba, atseka chitseko, dzuwa lili pamutu.

Kaduka. Munthu ukamachita chinthu chooneka, layini yonse imadwala mutu.

Kumpopi ndikangofika nkhani zonse zii. Wina wandisiyira malo kuti nditunge msanga, chinthu chimene sichinachitikepo chikhalire ine pano. Ulemu wayamba mochedwa, koma ndaulandira.

Makutu: akadali okhota. Ndazindikira kuti vuto ndi mutu. Zigamba zaunjikana mbali imodzi, ndiye ungayeze bwanji pa mutu woti wokha ndi wopotoka? Ndaphwasula, ndapakiranso.

Lachisanu

Si kaduka. Ndi uchitsiru, umene ndi woposa kaduka.

Bambowa abwerako kuntchito nkhope ili gwa. Akuti m'mizere yonse ya tiyi nkhani ndi imodzi: mkazi wa kapitawo waumba kamunthu, wakasokerera chovala cha mdzukulu wake, akukabaya masingano m'mutu, akukagwadira masanasana, akukatuma kuti kakagwire mwana ku Milonde.

Kamunthu! Miyendo inayi, mphuno ya batani, kamunthu? Ndipo wochita zoterozo amakachitira pakhonde, anthu akudutsa ndi ndowa? Ngakhale ufitiwo aupeputsa.

Bambowa: "Inunso, chovala cha mwana wa eni mumadulira chiyani osapempha?" Wa eni! Magazi a Fesitoni, wa eni. Kenako aona mkono wa jekete yawo. Imeneyo ndi nkhani ina, sindilemba.

Mayi a Joyisi ali ndi mng'ono wawo wokwatiwa ku Milonde. Mayunitsi oimbira anthu odwala sakhala nawo, koma a ichi apezeka.

Madzulo foni. Fesitoni, mawu apansipansi, ngati akuimbira kuseri kwa bafa. "Amayi, kodi mukusoka chiyani kumeneko?" Ndati chidole cha mwana wako. "Chabwino. Kungoti Tadala akutsokomola kuyambira dzulo." Ndati ndi chiperoni ichi mwana wake uti sakutsokomola m'Mulanje muno? A Joyisi omwewo mamina ali mbwee, ndawabaya ndine? Iye: "Ine ndikudziwa, amayi. Koma kuno si kwathu."

Mawu amenewo andipweteka kuposa zonse za kumpopi. Mwana ndinamulera ndekha ndi singano yomweyi, lero akundifunsa monong'ona.

Ndikanatha kuchiponya m'chimbudzi. Ayi. Ndikachitaya adzati ndabisa umboni. Ndichimaliza, achione, achite manyazi.

Loweruka

ALINGANA!

Nzeru yake ndi iyi, ndipo ndaipeza ndekha, osati telala: upinde mutu potsata msoko wa pakati usanapakire zigamba, ulembe ndi kachidutswa ka sopo mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, usokerere makutu mutu uli wopanda kanthu, kenako upakire. Basi! Ndachiika patebulo, ndayang'ana kutsogolo, kumbuyo, chogwada, choimirira. Ndendende. Chikuoneka ngati chikufuna kulankhula, koma mawu amenewa ndisawanene panja.

Ndisanatsuke n'komwe m'manja, odi pakhomo. Makabaza awiri. Asewele, achimwene awo amene ndi mwini mbumba kumeneko, ndi Fesitoni kumbuyo, maso ali pa nsapato zake. Tadala palibe.

Moni wautali, wofunsana mpaka nkhuku. Ndawaphikira tiyi. Sanamwe. Pa esiteti ya tiyi, kukana tiyi!

Akuluwo: "Ife sitinabwere ndi mlandu ayi, mayi. Tangomva zomveka, ndiye tati tikaone ndi maso, mitima ikhale pansi." Ndabweretsa chidole, ndachiika pamphasa. Asewele afutukira m'mbuyo, akokera chitenje kumapazi. Kunja layini yonse yapeza chochita pafupi ndi khomo langa. Mayi a Joyisi akusesa pabwalo posesa kale.

Akuluwo: "Tingaone m'katimo?"

Ndati onani. Atulutsa lezala m'thumba la shati. Anabwera nalo kuchokera ku Milonde, anthu osabwera ndi mlandu.

Zotuluka m'mimba:
– zigamba za mayunifomu
– sokosi za bambowa zobooka
– chidutswa cha neti yakale ya udzudzu

Ndakhala nditapinda manja, ndikudikira kupepesa kwawo. Kenako ang'amba mutu. Zigamba, zigamba, kenako akuluwo "Asa!" chala m'kamwa. Pini. Imodzi, yaing'ono, yobisala pakati pa zigamba. Inalowamo tsiku lobaya ndi kuzula lija, ine osaona.

Ndafotokoza za telala, za kuima patali, za sopo. Mawu anga omwe ndimawamva akupepuka. Fesitoni wati, "Ndi pini ya telala iyi, amalume, yogula ku Nkando." Akuluwo angoti, "Tamva." Aikulunga m'kapepala, aiika m'thumba.

Ndipo ndinene zoona pano poti palibe awerenge: za ufitizo ndi zopusa, koma pini ija inalimo. Mwana akanagona nacho chidolecho, tsaya lili pamutu pake.

Potuluka asewele aima, ayang'ana chikopa cha mutu chili lambalala pamphasa. "Koma makutu okha mwaika bwino, asewele." Mayi ameneyu sindidzamukhululukira.

Lamulungu

Kutchalitchi ndapita, mutu uli m'mwamba. Benchi yathu ya amayi, imene timapanikizana mpaka kupuma movutika, lero inali ndi malo okwana kugonapo. Ulaliki unali wa kukonda mnansi. Mayi a Joyisi amavomera "Amen" mokweza kuposa onse.

Zotsala za chimbalangondo zili m'jumbo pansi pa bedi. Kusokanso ndingathe, njira ndaidziwa tsopano. Koma ndisokere ndani?

Masana Fesitoni waimba. Akuti akuluakulu akambirana. Palibe akunditchula dzina loipa, iyayi, onse akudziwa kuti inali ngozi. Kungoti za kugona kuno zidikire kaye, mwana akule pang'ono. Ndikafuna kumuona ndizipita ku Milonde, masana, ndipo ndisavutike kunyamula kanthu. Ndisavutike! Aphunzira kukana munthu mwaulemu anthu a ku Milonde.

Ndati chabwino. Nditinso chiyani? Mwana ndi wawo.

Kenako wati, "Dikirani, akufuna akulankhuleni." Phokoso, kupuma, kenako kamawu kaja, chifuwa chitatha kale.

"Anganga, mwadwala?"

Ndiye zimene amuuza. Mwanayo anali atalongedza kale tizovala take m'jumbo, ndiye pofuna kuti asalire amuuza kuti anganga a ku esiteti adwala.

"Mukachira ndibwera, eti?"

Ndati eya, mama, ukadzamva kuti ndachira udzabwere. Kenako ndatsokomola pafoni, mokweza ndithu, kuti mwana asaone ngati bambo ake ndi abodza.