Malata a Sukulu ndi Zolembera Zofiira

Pulani inabadwira pa Chonde, kuseri kwa msika, pomwe Mayi Monalisa amagulitsa kachasu woti ukamununkhiza nsidze zimafota. Dzuwa linali likadali paliwombo, koma Bryson, yemwe anzake ankamutcha Injiniya chifukwa anakonzapo wailesi ya mwini mpaka kuipsereza, anali atayamba kale kujambula mapu padothi.

"Aise, tcherani khutu," anatero Injiniya. "Sukulu ija ya kuseri kwa minda ya tiyi, namondwe anaisasula denga. Akufuna kwabwino anabweretsa malata atsopano, ong'anima, koma misomali anaiwala. Malata aja angogona m'stolo mpaka lero. Kuwatenga si kuba ayi, n'kuwapezera ntchito."

Mmodzi wa omvetserawo anali mnzake Pilato. Iyeyu kale ankanyamula katundu wa alendo pa Likhubula, kukwera naye phiri la Chambe, mpaka bondo linakana. Tsopano ankangokhala pachikamwini m'kanyumba kaudzu kodontha, ndipo apongozi ake anali atagamula kale mlandu. Poti mwambo suwalola kulankhula ndi mkamwini maso ndi maso, anauza nkhuku pabwalo, mokweza ndithu, kuti mvula yoyamba ikapeza mwana wawo Esteri akugonabe pansi pa udzu, munthu wina apinda bulangete lake azipita kwawo. Nkhuku zinamva, naye Pilato anamva. Pilato ankamukonda Esteriyo ndi mtima wonse, ndipo zosiyana naye sankazifuna.

"Tilowa usiku?" anafunsa Kondie, wachitatu wa gululi, wotchedwa Dalaivala ngakhale chomwe ankayendetsa chinali njinga ya kabaza.

"Usiku ndi wa mbava zosaphunzira. Komanso a hedi amagona m'stolo momwemo, nyumba yawo inagwa. Ife tilowa dzuwa likuswa mtengo, titamanga mataye. Ndife aphunzitsi atsopano, mwamva? Ndani anayamba wasecha mphunzitsi? Angamupeze ndi chiyani?"

"Nanga lole?"

"Lole ya chiyani, mani? Ana a sukulu! Mphunzitsi akalamula, amatuta njerwa, mchenga, nkhuni, ngakhale chimanga cha kuchigayo. Lole yosamwa dizilo imeneyo, ndipo pamsewu palibe amacheuka. Tikatsitsa kwa Pilato, iye afolere, otsalawo tigulitse. Dilu yatheka."

Anawombanitsa makapu. Injiniya analonjeza kugula zolembera zofiira zitatu zoti azikoleka m'matumba a malaya, ati yunifomu ikwane.

Lolemba m'mawa anatulukira pasukulupo. A hedi, Madamu Annette, anawayang'ana kuyambira kumutu, maso n'kukaima pansapato zopolishidwa bwino.

"Mukuoneka kuti mwangoyamba kumene ntchitoyi," anatero madamu. "Kalata yochokera kuofesi muli nayo?"

"Ikubwera m'mbuyo, madamu," anayankha Injiniya.

"Ifika. Yanga yokwezedwa pantchito nayonso ikubwera m'mbuyo, inanyamuka mwana wanga woyamba ali kumsana, pano ali ndi ndevu."

Sanafunsenso china. Pasukulupo panali makalasi asanu ndi atatu ndi aphunzitsi atatu, ndipo mmodzi mwa atatuwo anali ku Lilongwe kukatsimikizira boma kuti akadali moyo, poti makina a malipiro anamuchotsa. Madamu anakweza manja kumwamba, nati Mulungu sagona. Naonso malipiro awo ankabwera odukaduka, koma analibe womusiyira sukulu kuti akadandaule kuboma. Anapereka mpukutu wa makiyi kwa Injiniya, natenga kachikwama kawo, ulendo.

"Waona?" ananong'ona Injiniya. "Amatipatsa okha. Pilato, gwira Sitandade 2, ndiwo ambiri. Uwatangwanitse, ine ndipeze kiyi wa kustolo."

Sitandade 2 inali pansi pa mtengo wa mango, ndipo mthunzi unatha ana asanathe. Pilato atayandikira, onse anadzambatuka n'kupereka moni wogwedeza masamba. Pilato anakweza dzanja. Anati khalani pansi, ndipo onse anakhala. Chibadwire chake palibe munthu anamumverapo, ngakhale galu wa apongozi. Mtima unakula. Anatola choko, nalemba masamu ophatikiza pathabwa lotsamira mtengo.

"Lembani m'makope mwanu!"

A Danieli, mphunzitsi weniweni yekhayo amene anatsala, anasuzumira kuchokera pamtengo wina pomwe ankaphunzitsa makalasi awiri nthawi imodzi.

"Achimwene, mwawapatsa yolemba? Onsewa?"

"Eya, ana azigwira ntchito," anatero Pilato modzimva.

"Ambuye akhale nanu," anatero a Danieli. Chitsulo cha buleki chitalira, anakwera njinga yawo kukachita kabaza pa Chonde, poti kunyumba ndiwo zinali zitatha.

Stolo inatseguka. Zimene ananena Injiniya zinachitikadi: ana anayi anayi pa lata limodzi, mzere wautali ngati linthumbu, kudutsa m'minda ya tiyi. Chimene Injiniya sanachiike pamapu ake n'chakuti lole imeneyi imaimba. Wina anayambitsa nyimbo ya pamzere wam'mawa, onse n'kuvomera, malata akulira pamitu. Amayi othyola tiyi anaweramuka n'kuyamba nthungululu, ati potsiriza sukulu yapeza mmisiri. Injiniya ankawabayibitsa ngati phungu.

Atafika kwa Pilato, malata anasanjidwa bwinobwino pambali pa kanyumba kaja. Esteri anatuluka atagwira pakamwa. Pilato anayang'ana mulu wong'animawo, nayang'ana mkazi wake, misozi n'kulengeza. Ukwati unali utapulumuka.

"Mwagwira ntchito, ana inu," anatero Injiniya akuwomba m'manja. "Weruka! Aliyense kwawo!"

Palibe anasuntha. M'malaya, m'majumbo ndi m'ziuno munayamba kutuluka makope. Kamtsikana kena kopanda mano akutsogolo kanaima pamaso pa Pilato, katatambasula kope lake.

"Sala, simunatichonge."

"Mawa, mawa."

"Aaa, sala! Lero!"

Munthu amene sanaphunzitsepo sadziwa izi: mwana wa Sitandade 2 akalemba ntchito, sapita kwawo cholembera chofiira chisanadutse m'kope mwake. Angalole kusiya phala, koma osati chichongo. Injiniya anathyola kamtengo kuti awaopseze, ndipo amene anali kutsogolo anayamba kulira. Kulirako kunayenda mzere wonse mpaka kumbuyo, kunamveka kutsidya kwa mtsinje, ndipo anthu anayamba kutuluka m'makomo.

"Atiyalutsa awa!" anatero Dalaivala. "Tithawe!"

Kuthawira kuti? Ana anali atawazinga mbali zonse, ena atagwira mataye, ena malamba.

"Chongani, mani, chongani msangamsanga!" analamula Injiniya, akusolola cholembera cha yunifomu chija.

Anakhala pamulu wa malata atatu onse n'kuyamba kuchonga. Dalaivala, yemwe masamu anasiyana nawo kalekale, ankangochonga zonse kuti zakhoza. Mbiri itamveka, theka la kalasi linathamangira kwa iye mpaka anasowa pansi pa makope, kukuoneka nsapato zokha. Injiniya, pofuna kuonetsa ukatswiri, ankathetha olakwa. Othethedwawo ankakhala pansi, kukonza, n'kubwereranso kumzere, moti mzere wake unkakula m'malo mochepa.

Pilato anatsegula kope la kamtsikana kaja. Masamba onse akumbuyo anali odzaza ndi ntchito, koma mopanda inki yofiira ngakhale kadontho.

"Aphunzitsi anu sachonga?"

"Amachonga a kutsogolo, sala. Akamafika kwa ife dzuwa limakhala litalowa."

Pilato anamva chisoni, ndipo chisoni ndi matenda oopsa kwa mbava. Anachonga tsamba la lero, nabwerera la dzulo, ndi la dzana. Ena ataona, anatsegulanso masamba awo akumbuyo.

Ali choweramira chomwecho, anamva fungo la fumbi la choko. Anali Madamu Annette, ndipo kumbuyo kwawo kunali amuna a polisi ya m'mudzi atanyamula zingwe. Kuboma madamu sanafikeko. Anali pa Chonde kudikirira galimoto ya munthu wachifundo, pomwe mayi wina anawayamikira kuti malata anyamuka ndi nyimbo. Njira sanafunse, poti aliyense pamsewu ankawalozera yekha.

"Agwireni!" anatero wamkulu wa apolisiwo.

"Dikirani kaye," anatero madamu, atayang'ana mzere wa ana. "Amalize. Mwayi wotere sudzabweranso."

Apolisi anakhala pamthunzi, Esteri anawapatsa madzi akumwa, ndipo mbava zinachonga mpaka dzuwa kupendeka. Injiniya anapempha yekha kuti amumange, ati dzanja lipumeko, koma madamu anati kwatsala a kumbuyo.

Nthawi yonseyi apongozi a Pilato anali pakhonde, nkhope ili gwa. Anali atamva ana akuitana mkamwini wawo kuti sala. Analowa m'kanyumba kaja, natuluka ndi bulangete lopindidwa, naliika pabwalo.

"Nkhuku inu," anatero, "ulova ndinapirira. Bondo ndinapirira. Koma uphunzitsi? Mwana wanga azidikira malipiro ngati mvula ya mu Okutobala? Ayi, azipita."

"Mayi, ameneyu si mphunzitsi," anatero wapolisi. "Ndi wakuba."

"Mwati chiyani?"

"Mbava, mayi. Tikupita nayo."

Mtima wa apongozi unakhala pansi, ndipo anayang'ana kumwamba moyamikira. Anatola bulangete lija, nalikutumula fumbi, nalipereka kwa Esteri.

"Kabwezere m'nyumba. Wakuba amatuluka. A Danieli analowa uphunzitsi ndili mtsikana, mpaka lero akadali momwemo."

Ana anasenzanso malata kubwerera nawo kusukulu, akuimba nyimbo yomwe ija, ndipo atatuwo ankatsatira pambuyo atamangidwa chingwe chimodzi, zala zili psuu. Pamphambano kamtsikana kopanda mano kanatembenuka.

"Sala, mawa mubwera?"

Madamu Annette anamuyang'ana wapolisi uja ndi maso opempha, koma iye anapukusa mutu.

Atangowatsekera m'chitokosi, kuphiri kunagunda, ndipo mvula yoyamba inakhuthuka. Pilato anakhala pakona n'kumvetsera ikulira padenga, ngati mmene ankafunira chaka chonse. Malatawo anali abwino ndithu, osadontha ngakhale pang'ono, koma Esteri anali kumudzi akutchera mabeseni.