Kufunafuna Nkhope ya a Nangozo

Lolemba

Tsiku lathu lomaliza labwinobwino ndikulikumbukira lonse. A Nangozo, akazi anga, akutong'ola chimanga pakhonde, ine ndikupukuta diso la kamera. Anati ndikupukuta chinthu choyera kale pamene njinga ili ndi matope a dzinja latha. Kenako kunabwera mayi wina ndi mapasa kuti ndiwajambule. A Nangozo anasansa m'manja, natenga chitenje, naima kumbuyo kwa anawo atachitambasula kuti khoma lathu long'ambika lisaoneke. Kuseri kwa nsaluyo ankalira ngati mbuzi kuti ana aseke. Madzulo anati mutu. M'mawa mwake tinali pa ulendo wa kuchipatala.

Lero mlamu wanga Esinala watumiza mawu. Lamulungu akubwera ndi abale kudzagawa katundu wa malemu. Ndi mwambo, sindikukana. Koma zovala zikachoka, m'nyumba muno mutsala chiyani cha iwo?

Ndiye ndaganiza. Lisanafike Lamulungu, chithunzi chachikulu cha nkhope ya a Nangozo chikhale pakhoma. Ntchito yaing'ono. Ndakhala ndikujambula anthu a ku Ntaja kuno kuyambira tsitsi langa lili lakuda, si ntchito iyayi, kungokonda. Zithunzi zili m'makatoni kunsi kwa bedi. Mawa ndisankha chabwino koposa.

Lachiwiri

Makatoni onse pamphasa. Zomwe ndapeza:
maukwati ndi maubatizo
ana a pa Idi atavala zoyera
bambo wina atakumbatira wailesi yatsopano
ine wopanda mutu (anajambula ndi a Nangozo)

Iwowo alipo, pafupifupi pa chithunzi chilichonse. Zala pamwamba pa nsalu, kumanzere ndi kumanja. Mapazi pansi pake. Pa china mpango wokha ukusuzumira. Ndikawaloza kamera ankati ndidikire akasambe kaye, avale bwino. Zaka zonsezi akusamba!

Cha ukwati wathu chili pansi penipeni pa katoni. Chiswe chinadya mbali yawo, n'kusiya ine ndi taye wanga.

Lachitatu

Ndapita kwa che Bwanali, mnzanga wa makamera, amene amasoka pakhonde la sitolo kumsika. Akuti ndisadandaule, chithunzi cha alamu awo a Nangozo ali nacho, anawajambula okha pa ukwati wa mwana wanga Tamanda. Atulutsa chitini cha zithunzi, koma m'malo mofufuza ayamba nkhani ya kamera yawo yoyamba, kabokosi kakuda koyang'anira pamwamba, kamene malume awo anabwera nako ku Joni. Munthu akasunthira kumanja, m'kabokosimo amapita kumanzere. Anthu ankakaopa, ndiye iwo anayambira pa mbuzi. Nkhaniyi ndimaidziwa mpaka mtundu wa mbuzizo.

Choipa n'chakuti inenso ndalowerera. Ndanena za kamera ya filimu imene aphunzitsi ena anandisiyira ku sekondale, kuti sukulu ndinalekeza panjira koma kamera sindinaileke. Ya fulashi ija inkathawitsa nkhuku. Ya digito yomwe imadya mabatire kuposa wailesi. Tatsutsana za foni. Kumzikiti aitana, che Bwanali apita kukaswali, ine ndatsala kulondera makina.

Atabwera achipeza. Utsi, miphika, ndi msana wa mayi atawerama.

"Ndi iwowa, achimwene."

Ndi iwo ndithu. Msanawo ndikuudziwa. Koma pakhoma sungakhale.

Lachinayi

Ku Balaka, kwa a Kachingwe, amene anapuma ntchito ya kunjanji. Makamera awo ali m'kabati ya magalasi momwe mumayenera kukhala mbale. Awatulutsa mmodzimmodzi ngati akundionetsa adzukulu. Uyu anagwa m'madzi koma anachira. Uyu amangogwira ntchito kukazizira. Akuti iwo anayambira pa sitima ya ku Nayuchi chifukwa sitima siphethira. Ndakumbutsa chimene ndabwerera, ndakumbutsanso.

Akuti akukumbuka bwino lomwe, tsiku limene ine ndi a Nangozo tinapita ku Balakako pa chikondwerero cha makwaya. Afufuza, achipeza, andipatsa monyadira. Kwaya yonse itandanda. Kumbuyo nsalu. Pamwamba pa nsalu, zala!

Ndinaiwala kuti tsiku limenelo ndinawabwereka a Nangozo kuti akawagwirire nsalu.

A Kachingwe ayang'anitsitsa chithunzicho, n'kunena chapansipansi kuti munthu wogwira nsalu ngati ameneyu sanamuonepo, ngakhale kuli mphepo sinkagwedera. Akazi awo abweretsa tiyi, atamva zonse ndi za che Bwanali zomwe, n'kunena:

"Amuna akuluakulu atatu, makamera kabati yonse, mkazi mmodzi yekha kukulepherani."

M'minibasi pobwerera ndakhala cha pawindo.

Lachisanu

Tamanda waimba foni. Akuti bambo, nanga chiphaso cha unzika cha amayi si chili ndi nkhope? Zoona! Ine wa makamera osaganiza zimenezi.

Ndapita nacho ku Liwonde, pa sitolo ina yotsuka zithunzi. Achikulitsa. Timadontho tokhatokha, maso ali tong'o, milomo atafunya. Tsiku lojambulitsa chiphasochi anaima padzuwa kuyambira m'mawa, kenako wojambula anawauza kuti asamwetulire. Zonsezo zikuoneka. Nkhope iyi ndi imene ankandipatsa ndikagula filimu m'malo mwa sopo. Ndikaipachika, sindidzadya momasuka m'nyumba mwanga.

Mayi wa pa sitolopo akuti ndisataye mtima, masiku ano kompyuta imakonza zonse, imamwetulitsa ngakhale munthu wokwiya. Ndibwerenso mawa.

Loweruka

Ndapitanso ku Liwonde. Andipatsa atachiika kale m'felemu.

Zomwe kompyuta yawapatsa a Nangozo:
khungu losalala ngati la khanda
ndolo zagolide
nyumba yosanja kumbuyo, ndi maluwa
mano oyera, ofanana, opanda mpata

A Nangozo anali ndi mpata pakati pa mano akutsogolo. Akamaseka ankabisa ndi dzanja, koma dzanjalo linkachedwa. Ndafunsa ngati kompyuta ingabwezeretse mpatawo. Mayiyo akuti anthu amabwera kudzatseketsa mipata, wodzatsegulitsa ndine woyamba, ndipo sakudziwa pogwira.

Ndanyamula mlendoyo m'khwapa mpaka kunyumba. Ndi mayi wokongola, akuoneka kuti ndi wa mtima wabwino. Sindikumudziwa. Ndamuimika kuseri kwa chitseko atayang'ana kukhoma.

Ndasesa, ndatunga madzi. Mawa alendo.

Lamulungu

Afika titaweruka ku tchalitchi. Esinala, azakhali awo, ndi amayi ena a kwawo. Tapemphera. Atulutsa sutikesi, ayala zonse pamphasa. Madiresi, mipango, nsapato za tchalitchi, juzi ya nthawi yozizira, zitenje mulu. Azakhali akunyamula chimodzichimodzi, kutchula dzina la wolandira, iye n'kuwomba m'manja. Ine pa mpando, manja pa mawondo.

Esinala, pofuna tsache, wapeza mlendo uja kuseri kwa chitseko. Wafunsa kuti alamu, mwapeza kale wina? Ndafotokoza za sabata yonse. Wayamba kuseka, azakhali amudzudzula kuti pano ndi pa mwambo, kenako aona chithunzicho nawonso n'kugwira m'nthiti. Kuseka kwa Esinala ndi kwa mkulu wake, kuja koyamba ngati chifuwa. Sindinalimve m'nyumba muno chichitikireni maliro. Ndangotseka maso kumvetsera. Chithunzicho atenga azakhali, akuti felemu ndi yabwino.

Zonse zagawidwa. Sindinabise kalikonse. Pomaliza andifunsa, monga mwa mwambo, ngati pali chimene ndikufuna chitsale. Ndati magalasi awo owerengera, poti anga anathyoka ndipo zithunzi ndakhala ndikuonera omwewa. Ndimati ndilowe ndikawatenge ndiwaonetse. Anali pamphuno panga, ofiira, a maluwa m'mbali. Ndiye kuti ndayenda nawo chonchi ku Balaka ndi ku Liwonde, che Bwanali osandiuza!

"Alamu, amenewo tawaona pofika pomwe," watero Esinala. "Palibe amene akanakuvulani."

Pakhoma palibe chithunzi. Basi, zakanika. Ndawaperekeza mpaka pamsewu, akwera makabaza, aliyense ndi kamtolo pamiyendo. Ndaima mpaka akhota pa msika.

Ndabwerera, ndakhala pakhonde. Magalasiwa ndawapukuta ndi malaya, ndawapukutanso. Lero sakuyera bwino.