Tsiku limene ndinabereka Tadala

Mpaka lero mkazi wanga akangomva fungo la usipa wovumbwa amangondiyang'ana. Ine ndimangoweramitsa mutu, chifukwa mlanduwu ndimaudziwa.

Zinayamba ndi pakamwa pangapa. Tsiku lina nditabwera kunyanja ndinapeza matewera ali m'beseni, ndiye ndinati, "Koma amake Tadala, mwana akagona masana inu mumatani? Si mumangogona naye?" Anangopitiriza kuchapa matewerawo. (Amuna anzanga, mkazi akakhala chete chonchi muzidziwa kuti nkhani yasungidwa.)

Patapita sabata amayi awo anagonekedwa kuchipatala ku Monkey Bay, ndipo mkazi wanga anandisiyira ine nyumba ndi mwana. Pathandala lathu, pano pa Chembe, anali atayanika usipa wofwafwaza, katundu wawo yense woti akagulitse Loweruka.

"Mwana akagona muutembenuze," anatero akukwera njinga yamoto. "Mitambo ikada mwanule. Basi, kenako mugone."

Tadala anali ndi chaka ndi miyezi itatu. Dzuwa litafika pamutu anayamba kutikita m'maso. Ndinamugoneka pamphasa, analira. Ndinamuimbira nyimbo zimene timaimba pokoka ukonde wa chilimira, analira kuposa poyamba. Kenako anakwawa n'kukatenga chitenje cha amake, n'kundipatsa. Mwana wosayankhula, koma zofuna zake zomveka bwinobwino.

Ndinatseka chitseko kaye. Paja pafupi ndi thandala pali mtengo umene anzanga amasokera maukonde, ndipo tsiku limenelo analipo asanu. Ine, munthu woti pabwato amandimvera, andione nditabereka mwana? Ndinamuponya kumsana, n'kumanga mfundo yomangira bwato. Sipanathe nthawi, mkonono.

Ndinati eya, ntchito yatheka. Ndinamasula pang'onopang'ono kuti ndimutsitse, koma msana wake utangokhudza mphasa, maso bwii. Ndinamuberekanso. Katatu konse, mpaka ndinamvetsa kuti mwanayu bedi lake ndi msana.

Ndiye ndinaima pazenera ngati wandende, kumaonerera akhwangwala akutera pathandala. Kukuwa sindikanatha, mwana akanadzuka. Ndinkangonong'ona kuti "shaa, shaa" kuseri kwa katani. (Khwangwala wa pa Chembe saopa ngakhale mwala, ndiye kunong'ona angamve?) Mitambo nayo inayamba kuda cha kuphiri. Ndinadziuza kuti ipita, ngakhale ndine msodzi ndipo ndinkadziwa kuti sipita.

Ndinatuluka mvula itayamba kale kugunda malata. Ndinathamanga ndi beseni, mwana akugwedezeka kumsana, ine ndikudikira chiphwete cha kuseka. Palibe anaseka. Che Saidi, wamkulu pa onse aja, anaponya ukonde pansi n'kubwera kudzandithandiza kukokolola usipa.

"Achimwene, mwachedwa," anatero. "Timayesa mulibe anthu m'nyumbamu. Komanso chitenjecho chidutse m'khwapa, mwana angapulumuke. Anga onse anayi ndinaberekapo amawo akudwala."

Manyazi anandigwira, koma osati amene ndinkaopa aja. Tinapulumutsa mwina theka. Wotsalawo unanyowa n'kufewa ngati phala, ndipo pofika mawa lake unali wa abakha.

Madzulo a tsiku la mvulalo amake Tadala anafika, anayang'ana m'beseni, anayang'ana thandala. Ndinayamba kufotokoza kuti mwana amakana kutsika kumsana, ndiye manja anga anali omangika.

"Nanga ine amatsika?" anandifunsa motsitsa mawu.

Apo m'pamene zinandilowa. Chaka chonsechi usipa umatembenuzidwa, madzi amatungidwa, matewera amachapidwa, zonsezo mwana ali mtulo kumsana, ndipo ine ndinkazitcha kugona. Ndinamva chisoni, ndipo ndinapepesa.

Masiku ano ndikakhala kuti sindinapite kunyanja, Tadala ndimamubereka ndine, chitenje chodutsa m'khwapa. Koma ndisakunamizeni, ndisanatuluke ndimasuzumirabe pazenera kuti pamtengo paja pali ndani. Mkazi wanga akandiona ndikutero amangoti, "Tulukani, abambo ake Tadala. Akhwangwala akudziwani kale."