Mmene Ndinamangira Ova-ova ndi Legeni

Linali Loweruka loyamba la mwezi wa Okutobala, 8 koloko m'mawa, pamene ndinatulutsa bokosi la masipanala ndi kuliika pa boneti. Ndikanadziwa, tsikulo ndikanangochapa zovala.

Ndimakhala mu mzinda, m'komboni ya Chawama, m'nyumba ya zipinda zitatu, ndekha. Mkazi wanga, amake Tisa (ine anthu amanditcha bashi Tisa, ndiye kuti atate ake a Tisa), anatisiya zaka zitatu zapitazo. Tisayo, mwana wathu, anakwatiwa ku Kitwe. Amaimba foni Lamlungu, mphindi zochepa, kufunsa ngati ndadya. Nditapuma pa ntchito ya m'sitolo ya zitsulo ndinagula galimoto yakale, yaitali, ija yokoka ndi mawilo onse anayi. Anthu a m'komboni amaikumbukira pakagwa maliro. Masiku ena onse inkangokhala pabwalo, ine m'nyumba, tonse phee.

Ku tchalitchi ndinamva za gulu la madalaivala amene amanyamula feteleza ndi mbewu kupita ku midzi ya kuchigwa, kupitirira Chongwe, mvula isanayambe. Amayenda mondondozana, amaphika limodzi panjira, wina akatitimira anzake amamukoka. Kumeneko foni sigwira, ndiye aliyense ali ndi wailesi yolankhulirana m'galimoto, ija timati ova-ova. Mkulu wawo, ba Daka a ku Kanyama, anandiuza kuti malo amodzi alipo, koma wopanda ova-ova sapita. Anandipezera yakale ya mnzawo amene anasiya ntchitoyo. Anati Loweruka, 2 koloko masana, adzaitana aliyense pa wailesi. Ndikayankha, ndiye kuti Lolemba ndili nawo pa ulendo. (Ndinawauza kuti ndikufuna ntchito. Zoona zake ndinkafuna anthu odya nawo.)

Ba Daka anandilangiza kuti ndipite nayo kwa ba Sakala a ku Matero, dalaivala wa m'gulu lomwelo amene amadziwa za mawaya. Ndinakana mwaulemu. Sindikonda munthu wina kugwira galimoto yanga, komanso sayansi ya ku sekondale ndinakhoza. Kabuku ka malangizo kanalipo, ngakhale masamba awiri omaliza anali atang'ambika.

Ndinayamba ndi eriyo. Inafunika bowo pa denga la galimoto. Malaiti anali atapita kuyambira Lachisanu, ndiye makina oboolera a aneba anali opanda ntchito. Ndinatenga msomali waukulu ndi hamala. Ndinayeza kawiri, monga mwa nthawi zonse, ndi kukhoma pakati penipeni. Msomali unadutsa bwino, n'kudula waya wa nyali ya m'kati. Bowo limenelo ndinalitseka ndi sopo, ndi kuboola lina pambali pake. Eriyo inaima, yopendekera pang'ono, ngati munthu woti wamva nkhani koma sakuikhulupirira.

Kenako moto. Kabuku kanati waya upite ku batire. Waya unali waufupi ndi chikhatho chimodzi. Ndinayang'ana uku ndi uku, n'kuona pochajira foni paja pali pafupi ndipo moto ulipo. Ndinadula waya wake ndi kulumikiza wailesi. Foni yanga inali itatsala kamzere kamodzi. Ndinaona, ndipo ndinati ndiiganizira madzulo. Inazima isanakwane 11 koloko.

Chotsala chinali cholankhulira, kaja kogwira m'manja kokhala ndi chingwe chopotana. Pokoloweka pake panalibe. Misewu ya ku Chawama mukuidziwa, ndipo ine chinthu chogogoda m'galimoto chimandidwalitsa mutu. Tsono m'komboni chilichonse chogwedera mankhwala ake ndi amodzi: legeni. Paipi ikadontha, legeni. Katundu pa njinga, legeni. Geti la aneba laima ndi legeni kuyambira pamene ndinasamukira kuno. Ndinadula mpira wabwino ku chubu chakale ndi kumangirira cholankhuliracho pa chogwirira cha pafupi ndi chiwongolero, kulunjika pakamwa. Ndinazunguliza kanayi, kukoka mwamphamvu, ndi kumanga mfundo. Nditayatsa wailesi, kanyali kofiira kanayaka. Ndinakondwera. Ndinati chinthu chili moyo.

(Kwa amene simunagwirepo ova-ova: pambali pa cholankhulira pali batani. Ukalidina, anzako onse amamva iwe, iwe sumva aliyense, ndipo iwo sangathe kulankhulana mpaka utalisiya. Zoti umadina polankhula ndinkadziwa. Zoti legeni wanga anali atadina kale sindinaone. Zoti kanyali kofiira kamatanthauza kuti mawu ako akupita kwa anthu, zinali pa masamba ong'ambika aja.)

Pali chinthu china chimene ndiyenera kuulula. Pagulu ndine munthu wa mawu ochepa. Koma ndikakhala ndekha m'galimoto ndimalankhula ndi amake Tisa. Galimotoyi sanaikwerepo, komabe mpando wa kumanzere ndi wawo. Ndimawauza mitengo ya zinthu, za Tisa, za bondo langa. Sayankha, koma ali moyo ankandisiyanso ndilankhule kaye ndithe.

Ndinasamba, ndi kuvala malaya osita ndi simbi ya makala, ngati kuti wailesi ili ndi maso. Itatsala pang'ono 2 koloko ndinakhala pa chiwongolero, zenera lotseka chifukwa cha fumbi. 2 koloko inakwana. Wailesi inali zii. Panapita mphindi khumi, kenako makumi awiri. Ndinapotokola ka voliyumu mpaka kumapeto. Zii.

Ndinayamba bwinobwino. Ndinauza amake Tisa kuti mwina wotchi ya ba Daka ikuchedwa. Itakwana hafu, ndinati munthu wa mimba yotere sangafulumire pa chilichonse kupatula pa mbale. Ndinawakumbutsa mmene ba Daka amatsekera maso popemphera ku tchalitchi, diso limodzi lili pa tebulo la zakudya. Ndinapita kwa ba Sakala. Ndinati munthu amene matayala ake ndi osalala ngati mutu wake sangandiphunzitse mawaya, ndipo akayamba nkhani samaliza, ngati msonkhano wa maliro. Ba Sakala ndinali nditakumana nawo kamodzi kokha, ndipo anandigulira chakumwa chozizira.

Kenako ndinaganiza kuti nyumba za m'komboni ndizo zikutchinga mawu. Ndinaliza galimoto. Ndinauza amake Tisa kuti tipite ku Kanyama, tikaime pafupi ndi kwa ba Daka, mwina igwira. Tili m'njira ndinati ayi, angandione n'kumati ndikupempha malo ngati mwana wamasiye, tipite ku Matero. Pafupi ndi Matero ndinachitanso manyazi, ndinakhotera ku Lilanda, n'kuima pansi pa mtengo. Ndinagula chinangwa chowotcha ndi kudya. Ndimatafuna mwaphokoso, amake Tisa ankandiuza. Ndinaimbako nyimbo ya ku tchalitchi imene ankaikonda, mawu anga awa amene a kwaya anandipempha kale kuti ndizingoomba m'manja. Nyemba za dzulo lake nazonso zinanenapo zake. (Zimenezi ndingozisiya pomwepa.)

Pansi pa mtengo paja mtima unatsika. Ndinawauza amake Tisa kuti anthu aja andisiya dala. Anaona mdala wosaseka, wosamwa, n'kugwirizana kuti asinthe nambala ya wailesi kuti ndisawamve. Ndinati sindikuwaimba mlandu. Ndinaulula kuti giya ya m'matope sindinailowetsepo chigulireni galimotoyi, ndipo mtsinje ndimauopa. Ndinati masiku ano ndimadya chiimire, m'poto momwemo, chifukwa kukhala pa tebulo ndekha kumandiwawa. Ndinati wailesiyi ndinkangofuna kuti m'galimoto muno mumveke mawu a munthu wina, ngakhale akhale akundinyoza. Ndinagwira wailesi, inali yotentha ngati mbaula. Ndinati nayonso yatopa nane, tiyeni kunyumba.

Ndinafika cha m'ma 5 koloko. Pa geti panali galimoto ziwiri zazitali. Pakhonde panga panakhala ba Daka, thukuta lili kamukamu, ndi ba Sakala, chipewa chili pa bondo, mutu uli poyera. Ndinatsika ndi kuwapatsa moni, ndi kuwauza mwaulemu kuti wailesi imene anandipatsa ndi yakufa.

Ba Sakala anaimirira. Anatsegula chitseko cha galimoto yanga, anasuzumira, anatulutsa kampeni m'thumba ndi kudula legeni. Kanyali kofiira kanazima. Nthawi yomweyo wailesi inatsokomola, ndipo mawu a munthu amene sindimudziwa anadzaza galimoto: "Yamasuka! Ba Daka, mwabapeza ba mudala?"

Ba Daka anandifotokozera pang'onopang'ono, monga dokotala. Anati kuyambira 2 koloko palibe amene anatha kuitana mnzake, chifukwa njira yonse ndinaitseka ine. Anayesa foni yanga, yozima. Atamva kuti ndikubwera ku Kanyama anaima pamsewu kundidikira. Atamva za Matero anaimbira ba Sakala kuti atuluke. Atamva za Lilanda onse awiri anazungulira Lilanda kufunafuna mtengo, koma mitengo ku Lilanda si umodzi. Anati galimoto yawo poyamba inali pa malo otsukira magalimoto, zitseko zotsegula, ndipo anyamata otsuka analeka ntchito. Akazi awo anabwera kudzatenga makiyi a nyumba pa nthawi ya nkhani ya diso limodzi, ndipo anaseka mpaka kukhala pansi.

"Manje ba Daka," ndinafunsa, "mwamvera kufika pati?"

"Vonse, bashi Tisa. Na nyemba."

Ndinayang'ana pansi. Ndinafuna kupepesa, koma mawu onse a tsikulo ndinali nditawatha. Ba Sakala anali atagona chagada pansi pa chiwongolero, akuchotsa waya wanga pochajira foni ndi kulumikiza wina wautali umene anabwera nawo. Anagwira ntchito osanena kanthu, munthu amene ndinati samaliza nkhani. Anakhomera kachitsulo kokolowekapo cholankhulira, anaona sopo wa pa denga, anapukusa mutu. Potuluka anavala chipewa chawo n'kunena kuti matayala anagula atsopano mwezi watha, ndikafuna ndikaone. Za mutu anati alibe chochita.

Ndinawapempha kuti alowe ndiwaphikire tiyi. Ba Daka anati nthawi yatha. Ndinafunsa za Lolemba. Anati nkhaniyo si ya iwo okha, akambirana ndi anzawo, popeza onse anamva okha mtundu wa munthu amene ndili. Anati kuitana kwa lero kwalephereka, ndiye aitananso mawa 6 koloko m'mawa, anthu asanapite ku tchalitchi. Sananene ngati dzina langa lidzakhalapo. Galimoto ziwiri zija zinatuluka, fumbi linakhazikika. Madzulo amenewo sindinalankhule ndi aliyense, wamoyo kapena ayi.

M'mawa mwake ndinadzuka 5 koloko. Ndinaganiza zosayatsa wailesi n'komwe, kuti ndisamve mayina a anzanga akutha langa osatchulidwa. Koma itatsala pang'ono 6 ndinapezeka ndili pa chiwongolero, manja onse awiri ndawakhalira. Ndinayang'ana kanyali katatu. Kanali kozima.

Ba Daka anayamba kuitana. Ba Sakala anayankha ali ku Matero. Wina ku George, wina ku Mtendere, wina mawu atulo ku Kalikiliki. Kenako panali chete wautali, wokwanira munthu kuzimitsa wailesi ndi kukalowa m'nyumba.

"Bashi Tisa, Chawama. Mulipo? Dinani na chala, osati na legeni."

Ndinadina. Ndinati ndilipo, ndauka bwino. Ndinasiya batani msanga ngati likutentha.

Ba Daka anati Lolemba tinyamuka 5 koloko, ine ndidzakhala pakati, kumbuyo kwa ba Sakala, ndipo giya ya m'matope adzandionetsa tisanafike pa mtsinje woyamba. Anati mbale ndibwere nayo yanga, kwawo sadyera m'poto. Wina anapempha kuti pa ulendo ndisaimbe. Ndinaganiza kuti zatha, koma wailesi inatsokomolanso, ndipo anali ba Sakala, mawu otsika, osaseka.

"Bashi Tisa, nanga bamake Tisa bauka bwanji?"

Ndinayang'ana mpando wa kumanzere. Anthu asanu anali kudikira, aliyense m'galimoto yake, m'komboni yake.

Ndinadina batani, ndi kuwauza kuti auka bwino, ndipo akuti ndipepese za mutu uja.