A Fabiano ndi Chipewa cha Tchalitchi cha ku Mpingwe

Anthu a ku Chigumula akakuuzani kuti kunali bambo wina amene ankasenza nsanamira ya nyumba pamutu ngati mtolo wa nzimbe, musawatsutse. Anali a Fabiano, kamunthu kowonda kochokera ku Nsanje. Ine ndinawaona ndi maso angawa akulowera ku Limbe, chinsanamira chili pamutu, kwinaku akukukuta chimanga chootcha.

"Madala, mankhwala ake munawatenga kuti?" ankafunsa oitanira minibasi.

"Kwathu. Koma inu simungawathe, chizimba chake ndi kudzikanda moyo wonse."

Sankanama. Ntchito yawo inali ya faiba, ndipo ulusi wake umayabwa kuposa chitedze. Munthu ankabwera ndi chithunzi cha chimene akufuna. Iwo ankachisema ndi matabwa ndi pulasitala, n'kuumbapo chikombole. M'kati mwa chikombolecho ankapakamo polishi masiku angapo, kuti chinthu chidzatuluke osakakamira. Kenako utoto wokhuthala, kenako nsalu ya ulusi wa galasi yonyowetsa ndi rezini, madzi onanda onunkha mpaka kuseri kwa munda. Ankasindikiza kuti mpweya uchoke, n'kuzisiya. Zinthuzo zinkatentha zokha popanda moto. Mawa lake nsalu ija yasanduka fupa. Mpaka lero sindimvetsa.

A Hilary, bwana wina wa ku Sunnyside, atawapangitsa nsanamira, anafuna kuikapo thanki ya madzi.

"Ayi bwana," anatero a Fabiano. "Izi zili ngati taye. Zimapatsa ulemu, koma sizigwira buluku."

Matipate atangoyamba, mpingo wina wa ku Mpingwe unawapempha kuti apange chipewa chobulungira cha pansanja ya belu. Tsiku lotsegulira tchalitchi linali litalengezedwa kale, alendo ataitanidwa. Chikombole chake chinawadyera miyezi. Chinali ngati beseni loti banja lonse n'kusambiramo.

Sabata yomaliza, a Fabiano ali ku Limbe kukagula rezini, akazi awo a Cecilia ali kumsika, kunafika amayi a mpingo kudzaona ntchito. Mukuwadziwa amayi athu: sangaime pa chinthu cha Mulungu manja ali lende. Mtsogoleri wawo, mayi Millicent, anapitisa chala m'kati mwa chikombole chija n'kumva mafuta a polishi. Anawiritsa madzi, anatulutsa sopo, anachikwecha akuimba nyimbo.

A Fabiano pobwera anachiona chikuwala, nadziyamikira mumtima poganiza kuti ndi polishi wawo. Anathira utoto, anayala nsalu.

Mawa lake ine ndinali pomwepo amayi aja atabweranso.

"Bambo, mwaona mmene tinakutsukirani mphika wanu?"

"Munatani, mayi?"

"Mafuta anali mbwee. Amuna inu ukhondo umakuvutani."

A Fabiano anakhala pansi. Kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni, anaiwala kudzikanda. Popanda polishi, chipewa ndi chikombole zinali zitakwatirana ukwati wa mutchalitchi. Kukakamiza kunali kuswa zonse ziwiri, ndipo Lamlungu lotsegulira linali pakhomo.

"Mayi, kodi poto wophikira mandasi mumamutsuka mafuta ali pamoto?"

Mayi Millicent anagwira pakamwa.

A Fabiano anakhoma timitengo tosongoka m'mphepete, nathira madzi m'ming'alu. Chinthu chili duu. Kenako anatuma uthenga kwa a Twaha, okonza matayala pamsewu, kuti abwere ndi pampu yawo. Tinagubuduza chibeseni chija chafufumimba. A Fabiano anaboola kabowo pamwamba, namatapo vavu ya chubu.

"Achimwene, ndipope tchalitchi?" anafunsa a Twaha. "Ine ndine Msilamu."

"Mpweya ulibe mpingo. Popani."

A Twaha anapopa mpaka thukuta kamukamu. A Fabiano anagona pachikombole, khutu atalikanikiza ngati namwino womvetsera mwana m'mimba, akugogoda pang'onopang'ono ndi chibakera. Amayi anayamba pemphero chapansipansi. Tinamva kulira kwa tetete, ngati udzu ukupsa patali, kukuyenda kuzungulira beseni lonse.

"Imani. Popaninso, koma mwaulemu."

Kunamveka phu, nkhuku zinabalalika. Titanyamula chikombole, pansi panatsala chipewa choyera ngati dzira, chosalala, dzuwa likudzionera nkhope pamenepo. Tonse tinangoti kukamwa yasa. A Fabiano anachizungulira akuchisisita, napeza pamalo pamodzi pokha pamene utoto unasupuka, pakakulu ngati chikhatho.

"Apa ndimatapo. Koma pakadzaoneka chipsera, dzina lake ndi Millicent."

Mayiwo anaseka misozi ili m'maso. Lamlungu belu linalira pansi pa chipewa chake.

A Fabiano anatisiya m'nyengo yozizira, chifuwa chitawavuta. Pamaliro amayi aja anaimba mpaka mawu kutha. Chipewa chikadali pansanja. Mvula zamkuntho zasasula madenga oyandikana nacho, icho chili phee.

Ku Chigumula mphepo ya madzulo tsopano imangonunkha utsi wa makala. Chikombole chija chili kuseri kwa nyumba, fumbi lili tho, nkhuku zimaikiramo mazira. A Cecilia salola munthu kuchipukuta. Mayi Millicent, okalamba tsopano, akabwera kudzawaona amapita kukaima pambali pake kanthawi, manja atawabisa kumbuyo.